Mabowo a masikuluwu akutuluka a makonamakona: ndigule countersink yotani?

Funso: "Zikomo akatswiri. Ndangoyamba kumene kukhoma makabati ndi timatebulo, ndipo pamene pakundisowetsa mtendere ndi pa masikuluwu. Ndikamanga osaboola, mutu umatsala pamtunda kapena thabwa limang'aluka. Ndiye ndinagula biti ya countersink ya mano asanu. Koma ikangokhudza thabwa dirilo imayamba kunjenjemera, bowo n'kutuluka la makonamakona m'malo mozungulira bwino. Pa pulayiwudi ndiye imachita kunyotsola khungu lapamwamba. Kodi ndinagula yolakwika, kapena vuto ndi manja angawa? Ndikuona kuti zilipo zamitundumitundu, zina zolembedwa 82, zina 90, zina zili ndi kabiti koboolera pakati. Ndigule iti?"

Yankho: Zikomo kwambiri chifukwa cha funsoli. Mtima ukhale m'malo, manja anu alibe mlandu. Bowo la makonamakona limatuluka kwa aliyense amene waika biti ya mano ambiri pa bowo loboola kale n'kuthamangitsa dirilo, kaya wayamba dzulo kaya wakalambira m'ntchitoyi. Biti yanuyo musaitaye, ndikuuzani momwe mungaiwetere. Koma dziwani kuti posankha countersink sitiyambira pa biti. Timayamba tayang'ana sikuluwu yomwe tikufuna kumanga ndi thabwa lomwe ikukalowamo.

Sikuluwu ya mutu wafulati imafuna mabowo atatu pamalo amodzi. Loyamba ndi la m'thabwa lapamwamba, ndipo liyenera kukula moti sikuluwu idutse osaluma paliponse. Lachiwiri ndi la m'thabwa lapansi, locheperako, loti mazinga alume m'mbali koma thunthu la sikuluwu lisakankhe thabwa mpaka kuling'amba. Lachitatu ndi kadzenje kapamwamba kooneka ngati fanelo, momwe mutu ukakhale. Ntchito ya countersink ndi kadzenje kachitatuka basi. Ambiri amakumba kadzenjeko n'kuiwala bowo loyamba lija, kenako amadabwa kuti matabwa awiri sakukumana. Chimachitika n'choti mazinga aluma thabwa lapamwamba ndi lapansi lomwe, ndiye mpata womwe unalipo poyamba umatsala momwemo ngakhale mumange ndi mphamvu zanu zonse. Kung'aluka komwe mwatchula kumabwera chifukwa kunsi kwa mutu n'kopendekeka: mukaukakamiza kulowa m'thabwa losakumba, umakankhira mitsempha ya thabwa uku ndi uku, makamaka pafupi ndi kumapeto.

Miyezo yoyambira nayi. Sikuluwu yonenepa mamilimita 4 imafuna bowo lodutsira la 4 kapena 4.5, bowo lolumira la 2.5 m'thabwa lofewa monga paini, ndi la 3 m'thabwa lolimba monga mbawa. Ya mamilimita 3.5 imafuna lolumira la 2 kapena 2.5, pomwe ya mamilimita 5 imafuna la 3 kapena 3.5. Mukakayika, ikani biti kutsogolo kwa sikuluwu n'kuziyang'ana pa kuwala: biti ibise thunthu lapakati koma mazinga azioneka mbali zonse ziwiri. Mutu wa sikuluwu kawirikawiri umakula kawiri kuposa thunthu lake, choncho ya mamilimita 4 ili ndi mutu wa 8, ya 5 ili ndi mutu wa 10 kapena kucheperako pang'ono.

Tsopano za 82 ndi 90. Manambalawa ndi madigiri a kupendekeka kwa nsonga ya biti, ndipo ayenera kugwirizana ndi kupendekeka kwa kunsi kwa mutu wa sikuluwu. Masikuluwu a muyezo wa ku America, olembedwa #6, #8 kapena #10, mitu yake ndi ya madigiri 82. Masikuluwu a mamilimita, olembedwa monga 4 x 40 kapena 5 x 60, mitu yake ndi ya madigiri 90. Yang'anani pa bokosi la masikuluwu omwe mumagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, yankho lili pomwepo. Mukaona countersink ya madigiri 60, 100 kapena 120, isiyeni, imeneyo ndi ya ntchito zina za zitsulo.

Kusiyana kwa madigiri 8 kumaoneka kochepa, ndipo m'paini n'kochepadi, chifukwa thabwa lofewa limafinyika n'kutenga maonekedwe a mutuwo. M'thabwa lolimba kumaonekera. Sikuluwu ya 82 m'kadzenje ka 90 imatsamira pansi penipeni, n'kusiya kampata kozungulira mutu komwe kamadzaza fumbi ndi vanishi n'kumaoneka kakuda. Sikuluwu ya 90 m'kadzenje ka 82 imatsamira m'mphepete mwa kumtunda, mutu n'kukana kutsika, inu n'kuonjezera mphamvu mpaka thabwa ling'aluke kapena mutu udyeke.

Pankhani ya mano ndi pomwe pagona vuto lanu, ndiye tichedwepo. Biti ya mano asanu mukaiika pa bowo loboola kale, nsonga yake imakhala m'malere, palibe choigwira pakati. Mano onse amangotsamira m'mphepete mwa bowo. Thabwa sililimba mofanana paliponse, ndiye dzino limodzi likakumana ndi mtsempha wolimba limakodwa, biti n'kudumpha pang'ono n'kusiya kamtumbira. Dzino lotsatira, popeza manowo anatalikirana mofanana, limadzagunda pa kamtumbira komweko n'kudumphanso. Mukamamva dirilo ikunjenjemera m'manja ndiye kuti zimenezi zikubwerezeka kambirimbiri pa kamphindi kochepa, ndipo kawirikawiri biti ya mano asanu imasiya bowo la makona asanu ndi limodzi. Kuthamangitsa dirilo ndi kugwira mopepuka, komwe munthu amachita poopa kukumba kwambiri, ndi komwe kumakulitsa vutoli.

Mankhwala ake oyamba ndi kutembenuza ndondomeko: yambani ndi countersink, kuboola pambuyo. Bayani kachizindikiro ndi msomali wosongoka, ikani nsonga ya countersink pomwepo, kumbani kadzenje m'thabwa losaboola. Nsongayo ikakhala kuti yazika m'thabwa biti siingadumphe, ndipo kadzenje kamatuluka kosalala. Mukatero boolani pakati pa kadzenjeko. Muona kuti kakutsogolera biti yoboolera pakati penipeni. Chachiwiri ndi liwiro. Ikani dirilo pa giya 1, yomwe pa madirilo ambiri a batire siposa maulendo 600 pa mphindi, ndipo kanikizani molimba mtima kuti mano adye thabwa m'malo momangolisisita. Masekondi awiri kapena atatu akwana. Chachitatu, thabwa likhale lopanidwa ndi kilampu. Thabwa logwira ndi dzanja limodzi limanjenjemera limodzi ndi biti. Ndiponso musagwiritse ntchito impact driver, makina omangira masikuluwu mogogoda, pokumba kadzenje: biti imagwedera pamene yalowera, ndipo makinawo akayamba kugogoda m'mphepete mwa bowo mumaphwanyika.

Ngati mukugula ina, ya dzino limodzi ndi yomwe ndingakulozereni poyamba. Ili ndi dzino limodzi lodula, ndipo thupi lonse lotsalalo ndi losalala, limatsamira pa khoma la kadzenje n'kuletsa biti kudumpha. Imadya pang'onopang'ono, zomwe n'zabwino kwa munthu amene akuphunzira kudziwa poimira. Palinso ina yopanda mano ooneka, yosongoka yosalala koma yobooledwa chopingasa. M'mphepete mwa bowo lakelo ndi momwe muli mpeni. Imeneyi imasenda thabwa n'kutulutsa kachidutswa kopiringizika m'malo mwa utuchi, ndipo pa matabwa olimba ndi pa pulayiwudi palibe ina yosiya posalala kuiposa. Koma nsonga yake siidula, choncho imafuna bowo likhalepo kale. Ya mano atatu yomwe imapezeka m'maseti a zitsulo, ya miyezo monga 8.3, 10.4, 12.4 ndi 16.5, imagwiranso pa thabwa mukaichepetsera liwiro, ndipo imathandiza mukafuna kukulitsa kadzenje pa hinjesi kapena pa bulaketi yachitsulo. Bowo lomwe latuluka kale la makona musalibwerezenso ndi biti yomweyo pa dirilo, chifukwa mano amangotsata makona omwewo. Lisalazeni ndi ya dzino limodzi, kapena zungulizani countersink ndi dzanja maulendo angapo.

Kukula kwa biti kupose mutu wa sikuluwu. Ya mamilimita 12 kapena 13 imakwanira masikuluwu onse kuyambira 3 mpaka 6, omwe ndi a ntchito zambiri za mipando ndi makabati. Biti ikachepa kuposa mutu, mumakumba mpaka thupi lonse kulowa koma mutu osakwanamo.

Zija mwaona zili ndi kabiti koboolera pakati zimachita ntchito ziwiri nthawi imodzi: kabitiko kamaboola, mano ozungulira n'kukumba kadzenje. Pa kabati ya masikuluwu makumimakumi zimafulumizitsa ntchito kwambiri, ndipo sizinjenjemera kwenikweni chifukwa kabiti kapakati kamakhala kagwira m'bowo. Koma zili ndi misampha yake. Bowo lomwe zimaboola ndi lolumira, lopyola matabwa onse awiri, ndiye bowo lodutsira lija mulibe. Muyenera kulikulitsa pambuyo m'thabwa lapamwamba lokha, kapena kugwiritsa ntchito masikuluwu omwe khosi lake ndi losalala lopanda mazinga kutalika kofanana ndi kuchindikala kwa thabwa lapamwamba, kapena kupana matabwawo ndi kilampu musanamange. Msampha wina ndi kasikuluwu kam'mbali komwe kamagwira kabiti, komanga ndi Allen key. Kakamasuka, mano amaima kabiti kokha n'kumazungulira, kapena amakwera m'mwamba bowo n'kutalika kuposa momwe munayezera. Kamangeni pa mbali yafulati ya kabiti ngati ilipo, ndipo muzikayesa mukaboola mabowo angapo. Pogula sankhani yomwe kabiti kake kamachoka, chifukwa tibiti ta mamilimita 2.5 ndi 3 timathyoka, makamaka utuchi ukatsekera m'mizere. Muzitulutsa biti kamodzi kapena kawiri pakati pa bowo kuti utuchiwo ugwe.

Muonanso kuti tibiti tapakati tina n'towongoka, tina n'tosongoka pang'onopang'ono kuchoka kumtunda mpaka kunsonga. Tosongokati anatipangira masikuluwu achikale omwe thunthu lake limaonda kumka kunsonga, monga ambiri a brass. Masikuluwu amakono thunthu lake n'lofanana kuyambira pakhosi mpaka pafupi ndi nsonga, ndipo kwa iwo kowongoka n'kokwanira. Kosongoka kamafuna muyeze kutalika molondola: mukapitirira, bowo lonse limakula ndipo mazinga amasowa poluma.

Chitsulo chake nachonso chili ndi mbali. Zolembedwa HSS, kutanthauza chitsulo cholimba chopirira kutentha, zimakwanira pa matabwa achilengedwe onse. Za chitsulo wamba zimabuntha msanga zikatentha. Ngati ntchito yanu yambiri ndi ya matabwa a utuchi womata ndi guluu monga MDF ndi chipboard, kapena okutidwa ndi kachikuto kosalala ka melamine, funani ya mano a carbide, olimba kuposa HSS, yomwe nthawi zina amailemba TCT, chifukwa guluu wa m'matabwa amenewa amadya mpeni wa HSS mofulumira. Mtundu wagolide wa pamwamba usakukopeni. Ndi kachikuto kopyapyala chabe, ndipo pa thabwa sikawombola biti yomwe mano ake sananoledwe bwino. Yendetsani chikhadabo pa dzino mosamala: lakuthwa limapala chikhadabo, lobuntha limangoterereka.

Kuya kwa kadzenje n'kochepa kuposa momwe ambiri amaganizira. Pa madigiri 90, mutu wa mamilimita 8 pa bowo lodutsira la 4 umangofuna kupendekeka kozama mamilimita 2. Poyesa, tembenuzani sikuluwu n'kuika mutu wake pakamwa pa kadzenje: ukangokwana m'mphepete, imani. M'paini imani musanafike pamenepo, popeza mutu umadzikankhira wokha pang'ono pomanga. Mutu utsike pafupifupi theka la milimita kunsi kwa nkhope ya thabwa kuti sandipepa asaugunde, kapena mamilimita 2 mpaka 3 ngati mudzamata pamwamba n'kupenta. Kuti mabowo onse afanane pamafunika choimitsira. Kamkombero kachitsulo komanga pa biti kamagwira ntchito, koma kamazungulira limodzi ndi biti ndipo kamasiya mzere wozungulira wopsa pa thabwa. Chabwino ndi choimitsira chomwe chimaima chikakhudza thabwa biti ili kuzungulirabe m'kati mwake. Ngati muli ndi dirilo yoimika pa tebulo, gwiritsani ntchito choimitsira chake. Mulimonsemo, yambani mwayesa pa chidutswa chotsala cha thabwa lomwelo, ndi sikuluwu yomweyo.

Kuyaku kumakhudzanso kutalika kwa sikuluwu. Matabwa awiri a mamilimita 18 ogundana nkhope ndi nkhope amakwana 36. Sikuluwu yotalika 35 mukamiza mutu wake pang'ono chabe nsonga imatulukira kuseri, ndiye tengani ya 30. Pomanga thabwa la 18 m'mphepete mwa linzake, ya 45 kapena 50 ndiye yoyenera.

Za kunyotsoka kwa pulayiwudi: khungu lapamwamba n'lopyapyala kwambiri, ndipo mbali ziwiri za bowo lililonse dzino limadula mopingasa mitsempha, n'kuitukula m'malo moidula ngati silakuthwa. Apa mano ambiri obuntha ndi oipa kuposa china chilichonse. Gwiritsani ntchito yobooledwa chopingasa ija kapena ya carbide yakuthwa, matani tepi yapepala pamalopo n'kuikanikiza bwino musanakumbe, ndipo yambani mopepuka mpaka khungu litadulika kuzungulira, kenako kanikizani. Pochotsa tepi kokerani cha ku bowo, osati kuchoka ku bowo, kuti isanyamule timitsempha. Pa melamine chitani chimodzimodzi. Pulayiwudi yopyapyala, monga ya mamilimita 6 ya kumbuyo kwa kabati, siifuna kadzenje kakuya. Mukapitirira pang'ono mutu umapyola. Pamenepo ndi bwino kutenga sikuluwu ya mutu wafulati kunsi, yomwe imakhala pamtunda ndipo siifuna countersink n'komwe. MDF ili ndi khalidwe lina: sikuluwu ikamalowa imatukula kachulu kuseri kwa thabwa lapamwamba, kachuluko n'kuletsa matabwa kukumana. Kumbani kadzenje kakang'ono kuserinso kwa bowo lodutsira kuti zotukukazo zipeze pokhala. M'mphepete mwa MDF boolani bowo lolumira mpaka kutalika konse kwa sikuluwu, ndipo talikirani mamilimita 50 kuchoka pa kona, apo ayi imagawanika pakati.

Masikuluwu ena ali ndi timano kunsi kwa mutu toti adzikumbire okha kadzenje. M'paini ndi m'chipboard, pamalo osaoneka, amagwira. Pa nkhope ya tebulo kapena pa thabwa lolimba kumbanibe kadzenje, chifukwa timanoto timasiya m'mphepete mwa manyunyu. Masikuluwu akuda a siling'i ndi makoma a gypsum musawadalire pa mipando: chitsulo chake n'chouma, mutu umaduka m'thabwa lolimba, ndipo kunsi kwa mutu wake n'kokhota, sikugwirizana ndi 82 kapena 90.

Mukafuna kuti sikuluwu isaoneke n'komwe, kumbani bowo la makoma owongoka pamwamba pa kadzenje, lotambalala mamilimita 9.5 kapena 10 ndi lozama pafupifupi 6, osapitirira gawo limodzi mwa atatu a kuchindikala kwa thabwa. Mabiti ambiri ophatikiza aja, okhala ndi kabiti koboolera pakati, amachita zimenezi mukangopitiriza kukumba. Kenako dulani tizitsekero ndi plug cutter, biti yodulira timatabwa tozungulira, ya muyezo womwewo kuchokera pa chidutswa cha thabwa lomwelo. Yomwe imadula tizitsekero toonda pang'ono mbali imodzi ndi yabwino, chifukwa timathina tikamalowa osasiya mzere. Pakani guluu pang'ono, lunjikitsani mitsempha ya chitsekero ndi ya thabwa, gogodani mopepuka, guluu akauma dulani chotsalacho n'kusalaza ndi tchizulo yakuthwa motsata mitsempha. Plug cutter imafuna dirilo yoimika pa tebulo. Pa dirilo ya m'manja imathawa n'kukala thabwa kapena dzanja.

Pa mahinjesi kadzenje kalipo kale pa chitsulo, ndiye chofunika n'kuboola pakati penipeni. Bowo likapatuka ndi theka la milimita, mutu umakoka hinjesi n'kupotoza chitseko. Pali biti yodzilunjikitsa yokha pakati, yokhala ndi kachubu ka sipuling'i komwe kamakhala m'kadzenje ka hinjesi. Ngati mumakhoma zitseko za makabati kawirikawiri, ifuneni. Masikuluwu a brass ndi ofewa, amaduka msanga. Yambani mwamanga yachitsulo ya muyezo womwewo kuti itsegule njira, ichotseni, pakani phula la kandulo pa ya brass n'kuimanga ndi dzanja. Sopo musapake, amakoka chinyontho ndipo amachititsa dzimbiri masikuluwu achitsulo.

Kunena mosazungulira, kwa inu amene mukuyamba: ngati masikuluwu anu ndi a mamilimita, gulani countersink imodzi ya HSS ya madigiri 90, ya dzino limodzi kapena yobooledwa chopingasa, ya mamilimita 12 kapena 13. Onjezerani mabiti awiri kapena atatu ophatikiza, a tibiti ta 2.5, 3 ndi 3.5, okhala ndi choimitsira chosakala thabwa. Seti ya zidutswa zambirimbiri siikufunika, zambiri mwa izo simudzazigwira. Ya mano asanu ija isungeni, ndi yabwino m'paini mukayamba nayo musanaboole.

Biti ikayamba kusiya popsa kapena kufuna kuti muikanikize kwambiri, isanalowe m'gulu la zobuntha iyang'aneni kaye ngati siinamatidwe utomoni, makamaka mukakhala mukuboola paini. Palafini pang'ono ndi kaburashi zimachotsa. Ya dzino limodzi imanoleka ndi kafayilo ka diamondi, koma nolani nkhope yafulati ya m'kati mwa dzino yokha. Mukakhudza kunja kozungulira mwaononga madigiri ake. Yobooledwa chopingasa imanoleka ndi kamwala kozungulira kolowetsa m'bowo lake. Musaziponye m'bokosi limodzi ndi misomali ndi masipanala, mano amaphwanyika.

Pali pena pofunika thandizo la ena. Ngati mwayesa zonsezi ndi biti yatsopano koma bowo likutulukabe lopotoka, ikani biti yayitali yowongoka m'dirilo, izungulizeni pang'onopang'ono muyang'ane nsonga. Ikamavina, vuto ndi chaki, paja timamangira biti, kapena mabeyaring'i a dirilo, ndipo imeneyo ndi ntchito ya okonza makina. Mano a carbide akabuntha apititseni kwa onola macheka ndi mipeni ya makina, fayilo wamba siiwadya. Ntchito yonyamula anthu kapena katundu wolemera, monga masitepe, bedi losanjikiza, denga kapena kabati yopachika pakhoma, musasankhe nokha kukula ndi kuchuluka kwa masikuluwu. Funsani mmisiri wodziwa kapena injiniya, chifukwa kadzenje kozama kwambiri kamachepetsa thabwa lomwe mutu watsamira ndipo cholumikiziracho chingathe kupyola tsiku lomwe chalemedwa. Valani magalasi oteteza maso nthawi zonse, chophimba mphuno pa MDF, ndipo musavale magolovesi pa dirilo yoimika pa tebulo chifukwa biti ikakola nsalu imakoka ndi chala chomwe. Kachidutswa ka biti yothyoka kakalowa m'diso musatikite kapena kuyesa kukachotsa nokha, phimbani disolo mopepuka n'kupita kuchipatala nthawi yomweyo.